Katundu wa a Majid Sanafike

Lolemba, 5 Meyi

Amuna anga omwalira aja ali moyo.

Ndalemba kuti ndione ngati papepala zimveka bwino. Sizikumveka.

Galimoto yoyera pakhomo masana, ine manja ali mu ufa wa samusa. Atsika mayi wina, dzina a Nellie, namwino wa bungwe losamala odwala maganizo amene amagona m'misika. Ine ndimati ndi a zaukhondo, ndinali nditavundikira kale beseni.

Akuti pa msika wa Chileka pali bambo amene wagona pakhonde la butchala zaka zambiri. Anthu amangowatchula kuti a Joni. A bungwe akhala akuwabaya jakisoni mwezi ndi mwezi kuyambira chaka chatha, mutu wayamba kubwerera m'malo. Sabata yatha atchula dzina lawo, Majid. Atchula Lirangwe. Atchula Mwanaidi, ndiye ine. Mpaka mtengo wa mango wa kuseri kwa bafa autchula.

Ndawauza a Nellie kuti asokoneza. A Majid anafera ku Joni, moto wa m'zisakasa nthawi ija ya chipwirikiti chothamangitsa alendo. Mnzawo Aziz anaimba foni akulira, kuti awaika konko tsiku lomwelo. Ine ndinakhala eda, miyezi yonse ya mkazi woferedwa m'nyumba, osadzola, osapita kumsika. Sadaka tinachita. Mpunga, mbuzi, mudzi wonse unanyambita zala.

A Nellie angotulutsa foni. Chithunzi. Ndevu zotuwa, masaya olowa. Koma khutu lakumanzere ndi lomwe lija, lija linadulidwa ndi lata pamene ankakhoma denga la nyumba ino.

Andifunsa ngati ndasangalala. Ndati samusa zanga zipserera.

A Yasin, amuna anga amoyowa, sindinawauze. Abwera otopa, asaka ganyu ya zomanga tsiku lonse osaipeza. Adya. Ine ndimangoyang'ana kudenga.

Lachitatu, 7 Meyi

Ndawauza onse awiri, a Yasin ndi Shamima.

A Yasin anasiya kutafuna. Mawu awo: “Ndiye ine pano ndine ndani?” Funso labwino. Nanenso ndikulifuna yankho lake.

Shamima, mwana wa a Majid yemweyo, wakula akudziwa kuti ndi wamasiye. Sekondale yonse wamulipirira ndi anthu othandiza ana amasiye, mpaka wamaliza. Iye akuti, “Ndiye mabuku aja ndikabweze?” Tinaseka ine ndi iye, kuseka koipa. Kenako anapita kuseri. Ndinamumva akufwenthera.

Bambo ake akuchoka anali asanayambe n'komwe sukulu. Ndikukumbukira pa siteji tsiku limenelo, basi ikulira, akazi tonse kutuma amuna athu. Wina foni, wina makina osokera. Ine ndinakuwa kuti, “Bulangete la ku Joni, lalikulu la m'chikwama cha zipi! Popanda limenelo musafike pakhomo panga!” Siteji yonse inaseka. Iwonso anaseka, mutu uli pa windo.

Mafuta ophikira akweranso. Samusa ndazichepetsa pang'ono, anyezi wambiri, nyama ya dzina lokha.

Loweruka, 10 Meyi

Ku Chileka. Minibasi mpaka pa Kameza, ina yolowera ku bwalo la ndege. Ulendo wosakwana ndi m'mawa umodzi. Zaka zonsezi munthu ali pompa. Nanga ine ku Chileka ndikanapita kukatani, ndili ndi ndege?

Ndawapeza pa makatoni, kuseri kwa butchala, malo osesa bwino. Jekete ziwiri, nsapato zosiyana. Ndinati salamu. Anayankha bwinobwino, mawu omwe aja, ngati anachoka dzulo. Ndinakhala pa ndowa ya munthu osapempha.

Anandidziwa. Sanadabwe. Anangoyang'ana pansi ngati mwana woswa mbale.

Mwini butchala ndi amene wandiuza nkhani. Anatsika ndege ya anthu othamangitsidwa ku Joni, chimanjamanja, mutu utasokonekera kale. Anzawo anakwera maminibasi. Iwo anakhala. Ndege ikatera amaimirira, kukonza jekete, kupita kumpanda kukafunsa alonda. Ndege ikapita amabwerera. Amayi a mandasi amawapatsa tiyi, a butchala zotsala, Lachisanu a kumzikiti. Munthu amene ife tinamudyera mbuzi, alendo akhala akumudyetsa.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanabwere kunyumba. Akuti, “Katundu wanga sanafike.” Basi. Kufunsanso kwina, yankho lomwelo.

A Nellie andikokera pambali. Bungwe lawo silitsekera anthu m'chipatala, akuti munthu amachira bwino pakati pa anthu ake. Amamanga kanyumba ka chipinda chimodzi, koma abale apereke malo, ndipo papezeke munthu wopereka mapiritsi madzulo alionse. Pakapanda kupezeka pofika kutha kwa mwezi uno, njerwa ndi malata zipita kwa wina, odikira ndi ambiri. A Majid aoneranso chisanu cha Juni pa katoni. Akutsokomola kale, chifuwa chija sindinachikonde.

A Nellie andifunsa kuti paja ine ndine ndani wawo kwenikweni. Ndati ndine mkazi wawo wamasiye. Sanaseke. Anthu a bungwe amaphunzitsidwa kusaseka.

Lachiwiri, 13 Meyi

Kwa Kuntaja, kwawo kwa a Majid. Ndinati abale ake a magazi alipo, atenge munthu wawo.

Mlongo wawo, a Sabrina, andilandira bwino, mphasa, thobwa. Nditangotchula nkhani nkhope yasintha. Chithunzi akana kuchiona. Akuti, “Ife achimwene tinawalira kale. Tisalire kawiri.”

Kenako andiphunzitsa mwambo, ine wobadwira momwemu. Akuti mwamuna akakwatira kwawo ndi kwa mkazi. Malata anakhoma kwanu, njerwa anaumba kwanu, mwana ali kwanu. Kuno munda ndi wa ana aakazi, malo omanga kulibe.

Pa sadaka paja a Sabrina omwewa ananyamula wailesi ndi njinga, ati za mchimwene wawo zibwerere kwawo. Wailesi ili ndi kwawo. Mwini wake alibe.

Thobwa linali lokoma, chilungamo chake.

Lachisanu, 16 Meyi

Lirangwe yonse yamva. Samusa zikutha dzuwa lisanafike pamutu. Anthu amene sanagulepo kwa ine chibadwire akuima pamzere, kupereka ndalama maso ali pankhope panga. Akufuna aone mkazi wa amuna awiri amaoneka bwanji. Amaoneka wotopa.

Pa mjigo nkhani zimatha ndikamafika. Mmodzi analimba mtima, ati mwina ndi chiwanda chavala nkhope ya a Majid. Ndamuuza kuti chiwanda chake n'chosauka, chikugona pa katoni. Wina akuti misala imapatsirana ukamadyera mbale imodzi. Ameneyo amuna ake amamenya mtengo wa magetsi akaledzera, koma mbale akudyera imodzi.

A Yasin apita kwa a shehe atatha mapemphero a Juma, kukafunsa ngati ukwati wathu ulipobe. A shehe apukusa mutu, atsegula mabuku, atseka. Akuti nkhani yotere sanaionepo, afunsa akuluakulu ku Blantyre. Pakadali pano tikhale modekha. Kudekha kwake a Yasin ayala mphasa pabalaza.

Ndakwiya lero. Sindikudziwa ndikwiyire ndani. Aziz woimba foni uja naye anamwalira kalekale, zenizeni. Kaya.

Lachitatu, 21 Meyi

Mphepo yayamba. M'mawa madzi a m'ndowa akuluma zala.

A Yasin alongedza zida zawo m'thumba, mpeni womangira, levulo, chingwe. Aliika pafupi ndi chitseko kuti ndizilipunthwa. Mawu awo: “Akalowa uyo pa geti, ine ndituluka.” Geti tilibe, koma ndamva.

Sindikuwada. Anandipeza ndili ndi mwana, ndilibe kanthu, anatilera. Shamima sanamusiyanitsepo ndi Maliyamu, wathu wamng'onoyu. Nawonso ndi mkamwini, pamudzi pano alibe ngakhale mtengo umodzi woti n'kuuloza kuti ndi wawo. Akuopa. Akuona mwini denga akubwera.

Ndikati ayi, munthu afera pa katoni ndipo tidzaphikanso mpunga. Ndikati inde, banja latha. A Nellie aimba foni kawiri. Ndaiyang'ana mpaka yasiya yokha.

Lamlungu, 25 Meyi

Shamima anasowa dzulo m'mawa. Ndalama za anyezi zasowa, juzi ya a Yasin yasowa pa chingwe. Wabwera madzulo maso ofiira. Anali ku Chileka.

Bambo ake sanamudziwe. Amufunsa kuti ndi mwana wa ndani. Atawauza, akana mwaulemu, ati Shamima wawo ndi wamng'ono, amafika apa, n'kuloza m'chiuno. Kenako atulutsa banzi m'jekete, aligawa pakati, amupatsa mbali yaikulu. Walibweretsa. Lili pa windo, sakulola munthu kulikhudza.

Lero wakatenga a Chande, achimwene anga, eni mbumba. Takhala pansi pa mango. Mwana amene ndimamutuma mchere walankhula ngati mayi wa pamudzi. Akuti malo a kuseri kwa mango, kutsikira kumsewu, si paja munati ndi anga, ndidzamangepo ndikadzakwatiwa? A Chande avomera, malo ndi a mwana wamkazi. Akuti ndiye ndamanga lero. Sakubwera ngati amuna a amayi. Akubwera ngati bambo anga, pamalo panga, mapiritsi ndizipereka ine.

A Chande akanda mutu. Afunafuna polakwika, sanapapeze. Mwambo womwe a Sabrina anatsekera chitseko, mwanayu watsegulira.

A Yasin amamvera ali pakhonde. Afunsa chinthu chimodzi chokha, kuti juzi yawo ili kuti.

Thumba la zida likadali pachitseko.

Lachinayi, 29 Meyi

A Nellie abwera ndi mnzawo woyeza malo. Zikhomo, chingwe. Ali mkati moyeza afunsa ngati kuno kuli mmisiri wodalirika, poti bungwe limalemba ntchito anthu a m'mudzi momwemo.

Kunali zii. Nkhuku yokha.

A Yasin atsokomola. Ati zikhomozo zapendama, ndipo dothi la pamenepo limafuna maziko akuya. Atsika pakhonde kuti angowaonetsa. Pofika masana anali atagwirizana mtengo.

Ndiye thumba lija lachoka pachitseko. Latuluka ndithu monga ananenera, koma langozungulira mango.

Munthu wasaka ganyu kuyambira mvula isanathe. Ganyu yoyamba kuipeza, kumangira nyumba mwamuna wa mkazi wake. Ndinalowa m'khitchini kukaseka, ndinapezeka ndikulira. Utsi.

Lachiwiri, 3 Juni

Khoma lafika m'chiuno. Lero ndaona chimene a Yasin achita. Chitseko achilozetsa kumsewu. Windo kumsewu. Mbali yoyang'ana kwathu kuno khoma lokhalokha, lopanda ndi kabowo komwe.

Ndawafunsa. Ati n'chifukwa cha mphepo. Mphepo ya kuno imachokera kumsewu komweko, ndi mwana yemwe akudziwa. Ndangoti zikomo amisiri.

Koma kumanga akumanga. Levulo pa mzere ulionse. Simenti ya bungwe sanabweretseko kuno ngakhale ya m'chitini, pamene sitepe yathu inasweka chaka chatha. Ati nyumba yomanga iwo isadzang'ambike, anthu angawanene.

Loweruka, 7 Juni

Idi. Nyama ya mbuzi kuchokera kumzikiti, yochepa koma nyama. Shamima wapatula ina, wakazinga, wapita nayo ku Chileka. Palibe amene wamuletsa. A Yasin anamuonjezera ya minibasi, nkhope atayang'ana kwina.

Dzana tinali ku gulu la osamalira odwala, ine ndi Shamima. Limakumana m'kalasi ina ana akaweruka. Ndimati tikakhala atatu. Kalasi yodzaza. Amayi ena ndimagula nawo tomato tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti kunyumba ali ndi mwana amene ankamumanga ndi chingwe. Aliyense ankabisa wake. Tinayang'anana ngati takumana kwa sing'anga.

Atiphunzitsa. Mapiritsi asadumphe. Akayamba kusagona, kapena kulankhula okha kwambiri, tiimbe foni, tisadikire. Tisawatsutse mokalipa, tisawanamizenso. Tiziwapatsa ntchito, asamangokhala. Agogo ena afunsa ngati bungwe lingamangirenso nyumba anthu abwinobwino, poti yawo ikugwa. Ayankhidwa kuti ayi. Ati ndiye ayamba mawa kuvula pamsika. Apa ndi a Nellie omwe anaseka.

A shehe akuti akuluakulu aku Blantyre akufunsa akuluakulu ena. A Yasin akadali pabalaza. Msana ukuwapweteka, mwina ndi njerwa, mwina ndi mphasa.

Lachitatu, 18 Juni

Nyumba yatha. Malata akuwala mpaka kumsewu, pansi pa simenti, chitseko chobiriwira, chimbudzi chake. Kuposa yathu.

A Majid akana kubwera.

Ati katundu akafika osawapeza, abwezedwa ku Joni. A Nellie akuti samakakamiza munthu kukwera galimoto, adikira. Koma akuluakulu a bungwe sadikira mpaka kale, nyumba yopanda munthu sioneka bwino kwa amene anapereka ndalama. Ayamba kale kunena zoti mwina mulowe wina.

Shamima wapita kawiri. Amamulandira bwino, mwana wa eni wachifundo. Ine ndapita Lolemba. Ndawauza kuti katundu alibe ntchito, abwere momwe alilimo. Andiyang'ana ngati ndanena zopanda nzeru, ngati wodwala ndine. Chifuwa chakula. Usiku akuti amafunda juzi ija ndi masaka.

Chiperoni masiku atatu. Nkhuku zapeza khonde latsopano, zikuti bungwe linamangira izo.

Mwezi wathawu ndinkapemphera kuti asabwere. Lero ndikupemphera kuti abwere. Kumwamba akuti mayi ameneyu akufuna chiyani.

Lamlungu, 22 Juni

A Yasin akwiya. Osati ndi ine. Akuti, “Nyumba yanga yalakwa chiyani kuti munthu asankhe katoni?” Dzulo avala malaya a Lachisanu, akwera minibasi. Sanandiuze kopita. Ndinadziwa.

Tsiku lonse mtima m'mwamba. Samusa ndinathira mchere kawiri. Ndimaganiza zibakera pamsika wa Chileka, amuna anga awiri, anthu akujambula pa foni.

Abwera dzuwa likulowa, opanda bala. Asamba, adya. Ndachita kuwakoka mawu ngati minga.

Akuti anakhala ndi a Majid pa katoni. Anadzitchula kuti ndi mmisiri wa ku Lirangwe. Zoti ndi amuna anga sanatchule, iwonso sanafunse. Anakamba za malata, za misomali, za mitengo ya denga yosafumbwa. Kenako anawauza zoona zake, kuti denga lija munakhoma kwa a Mwanaidi likudontha pakona ya kuchipinda, ndalephera kupeza polowera madzi. A Majid akuti anadzidzimuka. Ati sizingatheke, pakona imeneyo anapinda lata kawiri. A Yasin ati bwerani mudzaone nokha.

Avomera. Kudzaona denga basi. Mwini butchala walonjeza kuti aziyang'anira ndege.

Denga limadonthadi, beseni limakhala pamenepo dzinja lililonse. Zaka zonsezi ndimawauza a Yasin kuti akonze. Ndiye kunali kusunga.

Pomaliza anena okha, osafunsidwa: “Munthu uja ntchito amaidziwa.” Kenako akayala mphasa yawo.

Lachisanu, 27 Juni

Abwera.

Galimoto ziwiri. Akuluakulu a bungwe, wojambula, nsalu yotchinga pachitseko yoti adule ndi sizasi. Anthu a pamjigo onse, ndi uja wa chiwanda, kutsogolo penipeni. A Sabrina nawonso, kaya anamva kwa ndani kuti kuli malata. Alira mokweza, “Achimwene anga!” Wojambula wawatenga bwino.

A Majid ometedwa, malaya oyera, juzi ya a Yasin pamwamba. Atsika osayang'ana nyumba yatsopano. Maso pa denga lathu. Zolankhula zili mkati iwo azungulira, aima pakona, akuloza, a Yasin akugwedeza mutu. Anachita kukawatenga kuti adzaombere m'manja nyumba yawo.

Bwana wa bungwe walankhula nthawi yaitali. Ati mudzi uno ndi chitsanzo cha chikondi. Tinaomba m'manja tonse, osayang'anana.

Kenako mphatso, chimodzichimodzi kuti chilichonse chijambulidwe. Matiresi. Ndowa. Mbale ziwiri, kapu. Pomaliza bulangete latsopano, lalikulu, la maluwa ofiira, lili m'chikwama chake cha pulasitiki cha zipi. Zinazo amangolandira n'kupatsira Shamima. Ili analigwira ndi manja onse. Analitembenuza, kuyesa zipi, kutseka. Sanalisiyenso pansi mpaka galimoto zinapita.

Ine zinandidutsa. Ndinali ndi mapoto.

Loweruka, 28 Juni

Za dzulo madzulo. Dzulo sindinathe kulemba.

Anthu atabalalika, dzuwa litapendeka, mphepo yayamba kuluma. Shamima anali atawapatsa bambo ake mapiritsi, amwa osavuta. Ine pakhomo la khitchini ndikusenda anyezi wa lero. A Yasin pa sitepe yosweka ija, Maliyamu pamwendo.

Ndinamva “Odi.”

A Majid. Chitseko chawo poti chinalozetsedwa kumsewu, anachita kuzungulira nyumba yonse, kudutsa pa mango. Anaima patali ngati mlendo. Kenako ananjuta, chikwama chija chili m'manja.

Akuti, “Amayi a Shamima, katundu uja wafika. Zina zasowa m'njira. Koma ili ndi lija munanena.”

Mpeni unagwa. Ndinamva basi ija ikulira pa siteji, anthu akuseka.

Ndikalandira, munthu wa chifuwa agona chisanu, bulangete lake ndi lomweli. Ndikakana, ndiye kuti sanafikebe, mawa tikamupeza kumpanda wa ndege. Ndinayang'ana a Yasin. Ndimati apa ndiye thumba la zida lituluka zenizeni.

Anasisita mutu wa mwana. Kenako akuti, “Landirani, mayi. Munthuyu wachokera kutali.”

Ndinapukuta manja. Ndinagwada. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinati zikomo, mwayenda bwanji. Ati ayenda bwino, koma ulendo unatalika. Anapuma mpweya wautali, mapewa anatsika. Atatembenuka anaona Shamima ataima pa mango, anamuyang'ana nthawi yaitali. Afunsa ine, motsitsa mawu, ngati ameneyo ndi mwana uja. Ndati ndi yemweyo. Ati wakula osawadikira.

A Yasin analowa m'nyumba. Anatuluka ndi bulangete lawo la pabalaza, lakale lotuwa lija, analipinda, anawaperekeza mpaka kuchitseko chobiriwira. Ndinawamva akuti lobwereka, mmisiri kwa mmisiri mnzake. Ndiye iwo anatsala opanda chofunda. Mphasa sanayale. A shehe adzatiuza akadzamva ku Blantyre.

Tafunda la maluwa ofiira, ine ndi a Yasin. Lolemera, lofunda, likununkha pulasitiki. Palibe amene anagona msanga.

M'mawa uno ndadzutsidwa ndi phokoso pamwamba. Onse awiri ali padenga. Wina akuti madzi akulowera pa msomali, wina akuti ayi, ndi pamene anapinda. Akundiitana kuti ndidzaloze pamene ndimaika beseni.

Tiyi ndathira makapu awiri. Woyamba kumupatsa ndani, sindi